Fani ya galimoto ikakana kuzima

Mukazimitsa injini mutachoka mu mdipiti wa magalimoto wa pa Chipembere Highway, fani yoziziritsa injini kuzungulirabe kwa mphindi zingapo si vuto, makamaka mu Okutobala. Imayakanso mukayatsa AC.

Vuto ndi pamene ikungolira injini itazizira kale, mpaka batire kuthera usiku. Kawirikawiri ndi relay (kaswichi ka magetsi koyatsa ndi kuzimitsa fani) yomwe yamatirira mkati. Tsegulani bokosi la mafyuzi pansi pa boneti, muzule relay ya fani. Fani ikapanda kusiya, mwina makanika wina anailumikiza dairekiti, khalidwe longobisa matenda. Ikasiya, ikanipo relay ya hutala ngati nambala zake zikufanana.

Ikamalirabe injini ikuyenda, onani sensa ya kutentha: pulagi yake ikamasuka, kompyuta imayatsa fani poteteza injini. Madzi a mu radiyeta muziwaona injini itazizira, apo ayi mupsa.