Lipoti la ulendo wa ku Kegworth

Gulu lathu la anamwino ndi osamalira odwala ochokera kumudzi amene tikukhala ku Leicester, ku England, linapita ku Kegworth kumapeto kwa sabata yathayi, ndipo komiti yandituma kuti ndilembeko kuti amene munali pa shifiti mumve nawo. Ganizoli linachokera kwa asisi athu a ku fiyeta. Iwo anati pa maphunziro a chitetezo cha odwala aphunzitsi sasowa kutchula ngozi ya ndege ya ku Kegworth, chonsecho malowo ali pakhomo pathu pomwepa ndipo ambirife sitinapondeko.

Tinakwera minibasi, kutsata M1 cha kumpoto mpaka Junction 24. Tinayambira ku manda a pa Whatton Road, komwe kuli chikumbutso cha anthu 47 amene anafa pa ngoziyo. Tinapemphera, n'kuimba nyimbo imodzi motsitsa mawu. Kenako achimwene ena, amuna a mnzathu, amene amagwira ntchito yokonza ndege, anatifotokozera nkhani yonse titaima pomwepo, mphepo ikutilowa m'majekete.

Linali tsiku la 8 Januwale 1989, madzulo. Ndege ya British Midland, Boeing 737-400 yatsopano, inanyamuka ku Heathrow kupita ku Belfast ndi anthu 126. Ikukwera kupitirira mafiti 28,000, tsamba limodzi la chokupizira mphepo cha injini ya kumanzere linathyoka. Ndege inayamba kunjenjemera, fungo la utsi n'kudzaza m'kati. Kaputeni Kevin Hunt anafunsa womuthandiza, David McClelland, kuti injini yavuta ndi iti. Pa tepi ya m'chipinda cha oyendetsa, McClelland akumveka akuyamba kutchula ya kumanzere, n'kusintha pakamwa pomwepo kunena ya kumanja. Anachepetsa mphamvu ya injini ya kumanja, pambuyo pake n'kuizimitsiratu. Imeneyo ndiyo inali yabwinobwino.

Pamenepa ambirife tinapukusa mitu, mayi wina mpaka anati, "Koma achimwene, anthu ophunzira chonchi osadziwa kumanja ndi kumanzere?" Achimwenewo anati tidikire kaye. Kaputeni ankadziwa kuti pa ndege zina zimene anazolowera mpweya wa m'kati umachokera kwambiri ku injini ya kumanja, ndiye utsi unamulozera komweko. Pa mtundu watsopanowu zinthu zinali zitasintha. Kageji koonetsa kunjenjemera kwa injini kanali kakang'ono, ndipo pa ndege zakale oyendetsa sankakakhulupirira chifukwa kankanama. Maphunziro osinthira ku 737-400 anali aafupi, opanda simulator (makina oyesererapo kuyendetsa ndege) yokhala ndi mageji atsopanowo. Choipitsitsa n'chakuti pochepetsa injini ya kumanja anachotsanso makina amene amadzithirira okha mafuta m'mainjini, mafuta opita ku injini yodwalayo anachepa, kunjenjemera n'kuleka. Ndani mwa ife sakanati mankhwala agwira? Wodwala akasiya kubuula titamubaya jakisoni, kangati timabwereranso kukafunsa ngati tachiza matenda enieniwo?

Chimene chinandikhala pamtima ine ndi cha anthu a kumbuyo. Okwera ena ndi ogwira ntchito m'ndegemo anaona malawi a moto akutuluka ku injini ya kumanzere ndi maso awo. Kaputeni atalengeza kuti wazimitsa ya kumanja, ena anadabwa, koma uthenga sunafike kutsogolo. Ankati oyendetsa akudziwa chimene akuchita. Kaputeniyo anayambadi kubwereza m'mutu zonse zimene zinachitika kuti atsimikize, koma wayilesi ya oongolera ndege inamudula, ndipo sanabwererekonso. Akuyandikira bwalo la ndege la East Midlands pafupi ndi Kegworth, komwe anapatukira kuti akatere, anawonjezera mphamvu, injini yowonongekayo n'kuferatu. Anayesa kudzutsa ya kumanja nthawi itatha kale. Ndege inamenya pansi, n'kudumpha msewu wa M1, n'kukaswekera pa chitunda cha m'mbali mwa msewuwo, mamita pafupifupi 900 kuti ifike pa msewu wotera. Palibe galimoto imene inagundidwa. Anthu 74 anavulala kwambiri, ndipo anawatengera ku zipatala za ku Nottingham, Derby ndi Leicester kwathu konkuno.

Chakudya tinadyera ku Aeropark ya ku Castle Donington, komwe munthu amaona ndege zikutera chapafupi. Mkangano unabuka mpunga uli m'manja. Ena ankati oyendetsawo anapupuluma, ndipo lipoti la 1990 la AAIB, bungwe lofufuza ngozi za ndege ku Britain, linanenadi kuti anachita zinthu mofulumira, osatsata zimene anaphunzitsidwa. Kampani inawachotsa ntchito onse awiri. Ena ankati lipoti lomwelo linapereka malangizo 31, ambiri okhudza mageji, maphunziro, mipando ndi injiniyo, imene anaiwonjezera mphamvu osaiyesa mokwanira m'mwamba. Mu Juni 1989 masamba anathyokanso pa ndege zina ziwiri za mtunduwo, mpaka zonse anaziimitsa kaye. Ine ndili mbali yachiwiriyi. Kuchotsa anthu awiri n'kosavuta, koma tsamba lija likanathyoka ndithu ngakhale akanakhala pa mpandowo wina.

Nkhani ya Chikangawa inatulukanso, monga mukudziwa kuti siingalephere Amalawi akakhala pamodzi n'kumakamba za ndege. Wapampando anaidula msanga, ati tsiku lake ndi lina.

Pobwerera, asisi a ku fiyeta aja ananena zimene zinatikhudza tonse. Ife tinaleredwa kuti wamkulu sawuzidwa, ndipo tikafika kuno timawonjezera mantha a mlendo amene viza yake ili m'manja mwa abwana. Dokotala akalemba mlingo wa mankhwala wokayikitsa, pakamwa pamalemera. Oyendetsa ndege masiku ano amaphunzitsidwa pamodzi ndi ogwira ntchito kumbuyo kuti aliyense woona chachilendo anene, ndipo mndandanda wa WHO wa 2008 umene timawerenga opaleshoni isanayambe unatengera nzeru zomwezo.

Tagwirizana kuti pa msonkhano wa mwezi wamawa tidzayeserera awiriawiri mmene munthu angaimitsire wamkulu mwaulemu koma momveka. Aliyense abwere ndi chitsanzo chimodzi cha kuntchito, osatchula chipatala, dokotala kapena wodwala. Za ndalama za minibasi, msungichuma adzafotokoza tsiku lomwelo.