Masamu anga ndi chubu cha adokotala

Ziphuphu zinandichoka ndili ndi zaka 22, koma zinachoka ngati munthu wa lendi wothawa usiku: m'masaya zinasiya mawanga akuda, pachipumi timaenje.

Adokotala a khungu anandiunika n'kunena kuti mavuto anga ndi awiri. Mawangawo ndi melanin (utoto wachilengedwe wa khungu) wochuluka amene khungu limapanga pamene panatupa, ndipo amazirala ndi mankhwala opaka otchedwa tretinoin. Timaenjeto timafuna microneedling, kubaya khungu ndi tisingano kuti lipange collagen (chinthu cholimbitsa khungu) watsopano wodzaza maenjewo. Nditangomva za masingano ndinati, "Adokotala, tiyambe ndi opakawo."

Malangizo anali omveka bwino. Kadontho kamodzi nkhope yonse, usiku wokha, poyamba kudumphitsa masiku. Masana sunscreen, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, wa mphamvu ya SPF 30. Kusintha ndikuone pakatha masabata 12.

Apa ndi pamene sukulu inandipweteka. Ndinali ndi intavyu ya ntchito m'masiku 10. Masabata 12 ndi masiku 84. Kugawa 84 ndi 10, yankho ndi 8 ndi kanyenyeswa. Ndiye kuti madontho 8 usiku uliwonse. Kanyenyeswako ndinkawonjezeranso, poti masamu safuna chinyengo. Za sunscreen ndinati n'za azungu.

Tsiku lachitatu nkhope inayamba kunyerenyetsa, ine n'kumati akugwira ntchito. Tsiku lachisanu inkatentha ngati ndaiwamba pamoto. Lachisanu ndi chiwiri ndinayamba kufundula ngati njoka. Mlongo wanga atandiona anangofunsa kuti, "Achimwene, mukusamukira m'khungu lina?" Tretinoin amafulumizitsa khungu kutaya maselo akale, ndipo ine ndinali nditalilamula kuti lithamange.

Ku intavyu ndinavala jekete yakuda. Yakuda! Pagome panali mabwana atatu. Ndikamwetulira, m'mbali mwa pakamwa mumang'ambika, choncho ndinkayankha nkhope ili gwa ngati ndabwera kudzalonjerera ngongole. Kenako amayi apakati anafunsa, "Tatiuzani, chofooka chanu n'chiyani?" Ndisanatsegule pakamwa, kachikhungu kanachoka pamphuno panga, kanazungulira m'malere pang'onopang'ono, n'kukatera pa kalata yanga yofunsira ntchito. Tonse anayi tinakaperekeza ndi maso mpaka kanafika.

"Kupupuluma, amayi," ndinayankha.

Nditabwerera kwa adokotala, mawanga aja anali atada kuposa kale. Anandifotokozera kuti khungu lakuda likapsa mtima limapanga melanin winanso, ndipo dzuwa limangosonkhezera. Ndinasiya kupaka mpaka nkhope itapola, n'kuyambiranso pa tsiku loyamba. Adokotalawo atanyamula chubu cha tretinoin chija n'kuona kuti chaphwa, anandifunsa ngati tinkapaka banja lonse. Ndinatulutsa pepala la masamu anga. Analiwerenga mofatsa, n'kundipempha ngati angalisunge kuti aziwonetsa odwala ena.