Nyali za Usipa ndi Ngongole ya Amalume

Kudoko la Makawa, m'mbali mwa msewu wochoka ku Mangochi boma kupita ku Monkey Bay, kuli asodzi amene mpaka lero akandiona sayamba ndi moni, koma amafunsa mwaulemu wonse kuti nyali zilipo zingati panyanja. Funso limeneli lili ndi mbiri yake, ndipo popeza anthu akhala akuifotokoza mokometsera, ena mpaka kunena kuti ndinaona sitima ya Ilala ikuuluka, ndaona kuti ndi bwino ndiilongosole ndekha.

Kuyambira ndili mwana maso anga ankayabwa kwambiri, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene dzuwa la ku Mangochi limaswa mtengo ndipo fumbi limalowa paliponse. Ndinkawatikita ndi mfundo za zala mpaka misozi kutuluka, ndipo aliyense amene anachitapo zimenezi akudziwa kuti kukoma kwake sikusimbika. Maso anasanduka ofiirira, moti alendo obwera pakhomo ankanong'oneza mayi anga kuti andiyang'anitsitse, mwina ndayamba kusuta fodya wamkulu. Nditafika ku sekondale zolemba za pabolodi zinayamba kuoneka mwachimbuuzi. Anandigulira magalasi, koma chaka chisanathe anasiya kundithandiza, ndipo ena amene anabwera pambuyo pake anatha ntchito msanga kuposa oyambawo. Bambo anga anagamula kuti vuto silinali m'maso koma m'masamu, choncho sukulu itatha ndinapita kukathandiza amalume pa geni yawo ya usipa.

Amalume amagula usipa kwa asodzi m'mbandakucha, amauyanika pa mathandala, kenako amautumiza ku msika wa Limbe. Nzeru yawo yonse ya malonda yagona pa lamulo limodzi. Usipa amaupha usiku wamdima, pamene siginala amayatsa nyali pabwato kuti nsomba zisonkhane pa kuwala, anzake n'kuzizinga ndi chilimira. Nyali zikachuluka panyanja ndiye kuti mabwato alowa ambiri, usipa utuluka wochuluka, mtengo ugwa, ndipo munthu wochenjera ayenera kukhala padoko ndi ndalama m'thumba.

Usiku wa tsokalo amalume anali kumaliro ku Namwera. Anandiimbira foni kuti nditsikire kunyanja ndikawerenge nyali. Ndinapita, ndinaima pamchenga, ndipo zimene ndinaona zinandinjenjemeretsa. Nyali iliyonse inali itazunguliridwa ndi zinzake, zina pamwamba, zina pambali, ndipo yonse inali ndi mchira wa kuwala wolendewera mpaka m'madzi. Ndinayamba kuwerenga mosamala, chifukwa ndine munthu wokhulupirika pa ntchito, koma nditadutsa makumi atatu ndinasiya.

"Malume, nyanja yonse yayaka," ndinawauza. "Sindinaonepo mabwato ochuluka chotere chibadwire."

"Waonetsetsa, mphwanga?"

"Ndi maso angawa, malume."

Mawu omalizawa ndi amene anthu amawabwereza kwambiri akamandiseka. Amalume sanagone. Ali pasiwa pomwepo anaimbira munthu wa katapila, anapangana ndi mwini lole ya matani atatu, ndipo anatuma uthenga kwa amayi oyanika nsomba kuti alawirire ndi mabeseni onse amene angapezeke m'mudzi. Kutacha, ine ndinali kutsogolo kwa gululi, nditapachika chikwama cha ndalama pakhosi, ndikulamula aliyense poti aime.

Mabwato amene anakocheza anali asanu. Mphepo ya mwera inali itaopseza ena onse, ndipo usipa umene unatuluka sunadzaze ngakhale mabeseni atatu, mtengo wake wokwera ndi kawiri. Dalaivala wa lole anazimitsa injini, anatsika, anayang'ana mabeseniwo kwa nthawi yaitali, n'kundifunsa ngati ndikufuna awaike kutsogolo kapena kumbuyo. Amayi aja anakhala pansi pa mtengo n'kunena kuti tsiku lawo lawerengedwa kale. Amalume anafika pa kabaza dzuwa lili pamutu, zovala za kumaliro zili m'thupi, ndipo sanakalipe. Anangondiyang'ana, n'kuyang'ana nyanja, n'kufunsa chapansipansi kuti mabwato ena aja ndawabisa kuti.

Mlandu unakambidwa pakhomo patapita masabata angapo, mwezi utawala. Azakhali ananena kuti wina wandiponyera kanthu m'maso chifukwa cha nsanje ya malonda. Amalume anabwerera ku nkhani yakale ya fodya wamkulu. Amene anatulukira choonadi ndi agogo, omwe anali phee nthawi yonseyi. Analoza kumwamba n'kundifunsa kuti ndikuona miyezi ingati. Ndinayankha kuti inayi, umodzi waukulu ndi itatu yotuwa, ndipo ndinawonjezera kuti masiku ena imakwana isanu. Pabwalo panagwa bata. Vutoli linali litakula pang'onopang'ono kwa zaka, moti ine ndinkangoyesa kuti umo ndi mmene mwezi umaonekera kwa munthu aliyense wotopa.

Kuchipatala cha kwathu ananditumiza kwa akatswiri a maso ku Blantyre, ndipo amalume anandiperekeza, osati chifukwa cha chisoni, koma kuti akamve okha dokotala akutchula chamba. Anandiwerengetsa zilembo za pakhoma, ndipo ndinathera pa mzere wachiwiri. Anandiuza kuti ndiyang'ane pansi, n'kuonetsa amalume mmene chikope cham'munsi chinkasongokera chifukwa cha diso lotukuka. Kenako anandikhazika pa makina ojambula mapu a diso, amene anatulutsa chithunzi chamitundumitundu chokhala ndi banga lofiira chakumunsi.

Adokotala anati matendawa ndi keratoconus. Kutsogolo kwa diso kuli kachikopa koonekera kotchedwa cornea, kamene kuchindikala kwake ndi pafupifupi theka la milimita, koma kamagwira gawo lalikulu la ntchito yolunjikitsa kuwala kuti munthu aone bwino. Kachikopaka kamayenera kukhala kobulungira mosalala. Mwa anthu ena kamapyapyala n'kufooka, ndipo kamatukukira kunja mosongoka, monga mmene chubu cha njinga chimatupira pamalo pamene chaperepeseka. Kuwala kukalowa pamalo opotoka chotero kumamwazikana, ndipo nyali imodzi imabala zinzake. Anafotokoza kuti matendawa amayamba kawirikawiri munthu akangotha msinkhu kapena ali m'zaka za m'ma 20, amagwira maso onse awiri ngakhale kuti limodzi limatsogola, ndipo mwa ambiri amaleka kukula munthu akamafika zaka za m'ma 30 kapena 40. Zizindikiro zake zinali mbiri ya moyo wanga: kusinthasintha magalasi, kuthobwa ndi kuwala, ndi kuvutika kuona usiku. Si ng'ala, si ufiti, ndipo sapatsirana.

"Nanga fodya wamkulu, adokotala?" anafunsa amalume, chiyembekezo chikuzirala.

Adokotala anayankha kuti matendawa amayenda m'magazi m'mabanja ena, amapezekanso kwambiri mwa anthu amene maso awo amayabwa chifukwa chosayanjana ndi fumbi kapena mungu, mwa odwala mphumu ndi zidzolo za pakhungu, komanso mwa ana obadwa ndi Down syndrome. Koma chimene anatsindika kwambiri ndi kutikita maso mwamphamvu, chifukwa kumafooketsa kachikopa kaja. Pamene ankanena zimenezi chala changa chinali kale m'diso, ndipo amalume anandimenya dzanja mwachangu chimene sindinkadziwa kuti ali nacho.

Pa za chithandizo, anatiuza mosabisa kuti palibe mankhwala odonthezera kapena zitsamba zimene zingabwezere diso lopotoka m'malo mwake, ndipo anachenjeza kuti madzi a masamba amene azakhali anali atandikonzera angathe kuyambitsa zilonda. Matenda akadali aang'ono magalasi wamba amathandiza. Akakula pamafunika timagalasi tolimba toika padiso penipeni, timene timaphimba kupotokako kuti kuwala kulowe mwadongosolo. Palinso njira yotchedwa cross-linking, imene inayambira ku Dresden m'dziko la Germany ndipo dziko la America linaivomereza m'chaka cha 2016. Amadonthezera vitamini B2 pa cornea, kenako amawalitsapo kuwala kwa ultraviolet kuti kachikopako kalimbe. Njirayi siichotsa kupotoka kumene kwachitika kale, koma imaimitsa matenda kuti asapitirire, n'chifukwa chake imapindulitsa amene afika msanga. Kachikopa kakapyapyala kwambiri kapena kuchita zipsera, chotsalira ndi opaleshoni yoikapo cornea ya munthu wina amene anamwalira. Amalume atamva zimenezi anati ngati zingafike pamenepo, apemphe ya munthu amene ankadziwa kuwerenga.

Ine anandipatsa mankhwala oletsa kuyabwa, anandilangiza kuti diso likavuta ndiziikapo kansalu konyowa ndi madzi ozizira, ndipo pambuyo pake anandiyeza timagalasi tolimba tija. Masiku oyamba ndinkayenda ndikulira popanda maliro, ndipo kuika kagalasi kakang'ono chotero m'diso uli pafupi ndi mchenga wa kunyanja ndi ntchito yofuna sopo, madzi oyera ndi pemphero. Anatiuzanso kuti azing'ono anga akayezedwe, ndipo mmodzi anapezeka kuti wayamba kale kutsata mapazi anga.

Tisanatuluke m'chipinda, amalume anapempha adokotala kuti alembe kalata yosonyeza kuti pa ngongole ya lole ndi ya katapila, mbali ya matenda ndi iti ndipo mbali ya mphwawo ndi iti. Adokotala anakana mwaulemu, choncho ngongole yonse inagwera ine, ndipo ndikuibweza potembenuza usipa pa mathandala, ntchito ya masana imene sifuna kuwerenga chilichonse. Amalume analembanso ntchito ana a m'mudzi kuti aliyense amene angandigwire ndikutikita maso azindimenya dzanja n'kukalandira switi. Ndalama ya maswitiwo amaidula pa malipiro anga, ndipo ndili ndi umboni woti ana ena amandimenya ngakhale pamene ndikungopukuta thukuta.