A Dumbutshena ndi kawailesi ka bambo anga

Ndikamadutsa pa Khoti Lalikulu mumsewu wa Samora Machel ku Harare, kuno ku Zimbabwe, ndimakumbukira bambo anga ndi kawailesi kawo ka mabatire. Anali telala ku Mbare, dera la mu Harare, kwawo ku Dedza, sukulu analekera panjira, koma dzina la a Enoch Dumbutshena ankalitchula ngati la malume awo.

Mkuluyu anabadwa mu 1920. Anayamba wagwira choko, kenako n'kulemba nkhani m'manyuzipepala, ndipo uloya anaupeza ku London mu 1963, ali ndi zaka 43. Anagwirako ntchito ku Zambia, ndipo ufulu utabwera mu 1980 anakhala jaji woyamba wachikuda m'dziko lino. Kuyambira 1984 mpaka 1990 anali Jaji Wamkulu.

Koma bambo sankamukondera maudindowo ayi. Chinawagwira mtima ndi mlandu wa Thornhill. Mu 1982 ndege zankhondo zinaphulitsidwa pa bwalo la ndege la Thornhill ku Gweru, ndipo akuluakulu asanu ndi mmodzi a gulu la ndegelo, onse azungu, anamangidwa. Mu 1983 a Dumbutshena anawamasula, ponena kuti kuvomera kwawo kunachokera m'kuzunzidwa komanso anakanizidwa kuonana ndi maloya. Boma linawagwiranso pompo asanapite patali, koma chigamulo chinali chitamveka.

Ku Mbare kunali mkangano tsiku limenelo. Anzawo a bambo anapsa mtima, ndipo sindiwadzudzula, mabala a nkhondo anali asanapole. Bambo anaimitsa makina, n'kutulutsa chitupa chawo chija cholembedwa kuti ndi mlendo, ngakhale anali atakalambira kuno. Anati: "Chikwapu chikakhala umboni, ife a zitupa izi adzatimva ndani?" Ndinali mwana, koma ndinaona dzanja lawo likunjenjemera.

Mu 1989 khoti la a Dumbutshena linagamulanso kuti Nyumba ya Malamulo inalakwa kumana Ian Smith, mtsogoleri wakale wa boma la azungu, malipiro ake. Smith yemweyo! Ichi bambo chinawavuta kumeza, anakhala masiku osatsegula wailesi. Ineyo ndimachiona ngati chigamulo cholemera kuposa chija, chifukwa jajiyu ankadziwa bwino lomwe zimene boma la Smith linachitira anthu akuda.

A Dumbutshena anamwalira mu 2000. Bambo anawatsatira malamulo atsopano a 2013 asanazindikire ife obadwira kuno kuti ndife nzika. Chitupa chawo ndimachisungabe m'kabati ya makina aja, pamodzi ndi choko chosokera.