Kunja ndi ya 1944, mkati ndi ya lero: kusamala mfuti zotengera zakale kuno ku Kasungu

Munthu akaona mfuti ya StG 44 yopangidwa ndi kampani ya GSG ya ku Germany atha kulumbira kuti ndi yomwe ija ya pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Thupi lake, thabwa la paphewa, ngakhale magazini yokhota ija, zonse n'zofanana. Koma yeniyeni ya 1944 inkadya zipolopolo za 7.92x33 Kurz ndipo inkatha kulakatitsa moto mosalekeza. Ya leroyi imadya tizipolopolo ta .22 LR, imatulutsa chimodzi pa kukoka kamodzi, ndipo mbali yaikulu ya thupi lake ndi chitsulo chosakaniza ndi zinc. N'chimodzimodzi Thompson 1927A-1 ya Auto-Ordnance: chipolopolo chidakali .45 ACP, koma mpope ndi wa mainchi 16.5 pomwe yakale unali 10.5, chifukwa cha lamulo la ku America la 1934 lokhwimitsa za mfuti za mipope yaifupi. M1A ya Springfield Armory ndi mwana wa M14 ya asilikali.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Amaisamala mfutiyo potengera nkhope yake, pomwe imafuna kusamalidwa potengera zamkati mwake.

Za malamulo sitizembazemba. Kuno ku Malawi mfuti iliyonse yotulutsa chipolopolo imafuna chilolezo cha apolisi motsatira Firearms Act, ndipo dzina loti ndi yotengera yakale silikupulumutsani. Funsani kupolisi ngati mtunduwo angauvomere musanalipire ngakhale tambala, makamaka ngati ikuchokera kunja kudzera pa chipata ngati cha Mchinji. Dera lathu lili pafupi ndi Kasungu National Park, komwe oteteza nyama amalimbana ndi anthu a gogodera, choncho chinthu chooneka ngati cha msilikali chiyende chili m'chikwama chake, chopanda chipolopolo, mapepala ali pomwepo. Zosintha mkati kuti izilakatitsa moto musaziganize n'komwe.

Tsono za kukakamira. Pa mfuti za .22 LR, mwa mavuto omwe amadandaulidwa, ochuluka gwero lake ndi chipolopolo. Bolt ya mfuti zotere, chitsulo chimene chimakankhira chipolopolo mu mpope n'kutseka kumbuyo, imabwerera m'mbuyo pokankhidwa ndi chigoba cha chipolopolo chokha. Zipolopolo wamba zothamanga mafiti pafupifupi 1,070 pa sekondi nthawi zina sizikwanitsa kuikankha mpaka kumapeto, ndiye chigoba chimapanikizika pakhomo potulukira chitaima ngati chumuni. Gulani zolembedwa high velocity, za mafiti 1,200 kupita m'mwamba, ndipo zokutidwa ndi kopa zimasiya litsiro lochepa kusiyana ndi za mtovu wopaka phula. Musagule katoni yonse musanayese mabokosi awiri a 50.

Chachiwiri ndi magazini. Chipolopolo cha .22 LR chili ndi mkombero kumatako kwake. Polonga, mkombero wa chapamwamba uzikhala kutsogolo kwa wa chapansi. Ukakhala kumbuyo, zimakolana, bolt n'kulephera kukweza. Mukamaliza kulonga gogodani msana wa magazini pachikhatho kawiri kuti zonse zikhale pamzere. M'magazini musathiremo mafuta. Fumbi la mu Okutobala likakumana ndi mafuta limasanduka phala, ndipo sipuling'i imayamba ulesi.

Pali chizolowezi chimodzi chomwe chimandipweteka mtima: kukoka trigger (kachitsulo kokoka ndi chala poombera) mfuti ya .22 ilibe kanthu, pongofuna kumva kulira kwake. Msomali wake wophulitsira chipolopolo umamenya m'mphepete mwa chigoba, osati pakati. Chigoba chikasowa, pa mfuti zambiri zotere umamenya chitsulo cha pakamwa pa chamber (kachipinda ka kumbuyo kwa mpope komwe chipolopolo chimakhala) n'kusiya kachotupa. Kachotupako kamagwira zigoba, ndipo mwini amayamba kunyoza kampani pomwe wolakwa ndi chala chake.

Kutsuka kuzichitika mukaombera zipolopolo 300 kapena 500, ndipo nyengo ya mvula nthawi iliyonse mwatuluka nayo. Chotsani magazini, kokani bolt, yang'anani mu chamber ndi maso, kenaka lowetsani chala. Mukatsimikiza, pukutani nkhope ya bolt ndi pansi pa kambedza kokoka chigoba ndi mswachi wakale, popeza phula ndi mwaye zimabisala pamenepo. Mu mpope muziyamba kumbuyo kupita kutsogolo. Ndodo yotsukira ikamakhula pakamwa pa mpope kutsogoloko imadya m'mphepete, ndipo mfuti imayamba kumwaza. Mafuta akhale madontho awiri kapena atatu m'njira zomwe bolt imatsetsereka, basi. Zomangira zolowa mu zinc muzimange ndi dzanja lofatsa, chifukwa mazinga ake akadyeka sabwerera.

M1A ili ndi khalidwe lina. Pisitoni yake ya gasi, yomwe imakankhidwa ndi mpweya wa wonga kuti ibweze bolt, imafuna kukhala youma, chifukwa mafuta akapsa amasanduka makala n'kuimata. Koma pa roller ya bolt ndi mu njira ya operating rod (ndodo yolumikiza pisitoni ndi bolt) pamafunika girisi, osati mafuta opyapyala omwe amauluka mfuti ikatentha. Msomali wake ulibe sipuling'i youbweza, choncho musaike chipolopolo mu chamber ndi dzanja kenaka n'kusiya bolt iwombe ndi mphamvu yonse, chifukwa chitha kuphulika musanakhudze trigger. Chizichokera m'magazini nthawi zonse.

Zipolopolo zakale zankhondo zambiri zimasiya mchere mu mpope, ndipo mafuta sasungunula mchere. Tsukani ndi madzi otentha tsiku lomwelo, umitsani, kenaka pakani mafuta. Mukagona nazo mu Januwale, m'mawa mupeza dzimbiri lamera kale.

Chinyezi cha kuyambira Disembala mpaka Malichi chimachita ku thabwa la mfuti zomwe chimachita ku chitseko chamatabwa: limafufuma, ndipo chilimwe likauma zomangira zimakhwepa. Pakani pang'ono ndi chikhatho mafuta a linseed ophika, dikirani mphindi 20, pukutani otsala, lisiyeni tsiku lathunthu. Kansalu kamene mwapukutira mukayanike panja chotambasula, chifukwa kakapindidwa kamatha kuyaka kokha. Mfuti isagone m'chikwama cha siponji kapena m'chitenje, zimenezo zimasunga chinyezi. Iime m'kabati yachitsulo yokhoma, yosagunda khoma, muli timapaketi ta silica gel, zipolopolo zili kwina kokhomanso, makiyi kutali ndi ana.

Pa malo oombera, mukakoka trigger koma osalira, mpope ukhalebe choloza kutsogolo kwa masekondi 30 musanatsegule, popeza wonga wonyowa umatha kuchedwa kuyaka. Ikalira mofooka kuposa masiku onse, imani pomwepo. N'kutheka kuti chipolopolo chatsakamira mu mpope, ndipo chachiwiri chikachipeza mpope umatupa kapena kung'ambika. Chotsani magazini, tsimikizani kuti chamber ilibe kanthu, ndipo lowetsani ndodo yotsukira muone ngati ikudutsa mbali zonse musanalongenso.