Zikomo inu nonse amene munasenza nafe ukwati wa mng'ono wanga

Papita masabata atatu chichitikireni ukwati wa mng'ono wanga, koma kukhitchini kwathu kuno ku Area 25 kukumvekabe kafungo ka mtedza wokazinga. Ndakhala ndikuzengereza kulemba mawu awa poopa kuiwala wina. Dzulo amayi anandiimbira kuchokera ku Mchinji nkundiuza kuti, "Mwanawe, zikomo ukamusunga nthawi yaitali amasanduka mkute." Ndiye lero ndakhala pansi.

Ena mwa inu mukudziwa kuti bambo athu anatisiya mng'ono wangayu ali Sitandade 6. Ine ndine woyamba kubadwa, choncho tsiku limene ankhoswe anagwirizana za ukwati, ndinadziwa kuti katundu wamkulu wagwera pamutu panga. Sindinadandaule. Komiti inakhala pansi mu Seputembala, tinalemba zonse papepala: holo, keke, zakumwa zam'mabotolo, tizakudya topatsa alendo, ndi timabokosi tamphatso tija timagulidwa m'mashopu m'tauni. Ndalama zinkaoneka kuti zikwana, ngakhale mothinana.

Kenaka mu Novembala 2023 tinadzuka nkumva pa wailesi kuti kwacha yatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Dola imene inali cha pa K1,180 inafika pa K1,700. Mafuta agalimoto anakwera sabata yomweyo, ndipo zinthu zonse zinatsatira m'mbuyo mwake: fulawa, shuga, majarini, mafuta ophikira. Mayi amene tinagwirizana nawo kuti atikonzere tizakudya ndi timabokosi anandiimbira ndili m'minibasi, nkunditchulira mtengo watsopano. Sindikuwada ayi, nawonso fulawa amachita kugula, ndipo tirigu wambiri amene timadya kuno amachokera kunja. Koma nditadula foni ija misozi inangoyamba kutsika yokha, anthu akundiyang'ana. Kunali kutatsala masabata asanu okha.

Pa msonkhano wa komiti wa Lamlungu lotsatira ena anati ukwati uyambe waima mpaka anthu akolole. Ena anati tichepetse alendo, koma tikanachotsa ndani, makadi atapita kale? Azakhali, inu munali chete pampando wapakona nthawi yonseyo. Pomaliza munangoti, "Ine ndinalowa m'banja ndi thobwa ndi mtedza, ndipo banjalo lilipo mpaka lero. Manja tili nawo, tikusowanji?"

Ndivomere pamaso pa nonse kuti tsiku limenelo mawu anu sanandikomere. Mumtima ndinkati, ukwati wa mu Lilongwe, anthu akujambula nkumaponya pa Facebook, ife nkuwapatsa thobwa? Ndinkaopa kuti akuchimuna aziti mwana wamasiye wakwatiwa mwaumphawi. Manyazi amenewo ndinakhala nawo masiku angapo, ndipo ndikupepesa, Azakhali, chifukwa munawaona pankhope panga koma simunandidzudzule.

Munabwerera kumudzi mawa lake nkukaviika mawere. Amene sanapangepo chimera sadziwa kuti ntchitoyi siifuna changu. Mawere amaviikidwa, nkuwatsanula, nkuwafunditsa ziguduli zonyowa mpaka atamera, kenaka kuwayanika kuti aume gwaa asanapite kuchigayo. Tsono inu munkayanika mu Disembala, mvula itayamba. Amayi anandiuza kuti munkakhala pakhonde tsiku lonse maso ali kumwamba, mtambo ukangoda mwanyamula mphasa kulowa nayo m'nyumba, dzuwa likawala mwatulutsanso. Munafika kuno Lachitatu ndi ufa wa chimera m'ndowa yotseka bwino, mutaukumbatira pamiyendo ulendo wonse kuti usanyowe.

Lachinayi madzulo tinaphika phala la mgaiwa m'migolo iwiri. Ine ndinkafuna kuthira chimera phala litangochoka pamoto, inu nkundigwira dzanja. Munati phala lotentha kwambiri limapha chimera, lozizira kwambiri silichidzutsa. Munadontheza pang'ono kuseri kwa dzanja lanu, nkudikira, nkudonthezanso, mpaka munati tsopano. Tikuvundula, phala lolimba lija linayamba kusungunuka pamaso pathu. M'mawa mwake linali litatsekemera lokha, tinaliwiritsanso, ndipo shuga amene tinathira anali wochepa kwambiri poyerekeza ndi amene ndinawerengera. Munawerenganso masiku bwinobwino kuti lifike Loweruka lisanayambe kusasa, poti ukwati unali wa kutchalitchi ndipo simunafune kuti wina anene kuti tamwetsa anthu zina. Zikomo Azakhali. Zimene munandiphunzitsa usiku umenewo ndidzaphunzitsa ana anga.

Malume, inu munatumiza matumba awiri a mtedza wa Chalimbana wosaswa. Ndikudziwa kuti umenewo munausunga dala kuti mudzagulitse nyengo ino imene mtedza umasowa ndipo mtengo umakhala wabwino, ndalama yake mugulire feteleza wobereketsa. Nditakufunsani kuti ndikupatseni zingati munakwiya. Munati mwana wa mlongo wanu ndi mwana wanu, ndipo mbumba siigulitsidwa mtedza. Mulungu akubwezereni m'munda mwanu chaka chino.

Mtedzawo tinkaswa madzulo aliwonse kwa sabata yathunthu. Apa ndithokoze ana apamdadada pathu amene ankabwera akaweruka kusukulu, nkukhala mozungulira lichero mpaka zala kuwawa. Agogo oyandikana nafe ndiwo anali osankha. Maso awo ndi ofooka koma mtedza wa chuku, wofota kapena woboola anankafumbwe sunkawadutsa. Ankati wa chuku ndi poizoni, sungapatse mlendo ngakhale njere imodzi.

Pokazinga tinagawa pawiri. Wina tinawaza madzi amchere uli pachiwaya kuti utuluke ndi kaufa koyera kaja, wina tinaukuta ndi shuga. Chiwaya choyamba cha shuga ndinapsereza ndine. Moto unali wambiri, shuga anada bii nkuyamba kuwawa, ndipo ndinataya makilogalamu awiri a shuga pa nthawi imene shuga anali ngati golide. Ndinakhala pansi pamsana pa mbaula osayankhula. Mayi amene amagulitsa mtedza pa siteji yathu ndiwo anandipulumutsa. Anasiya malonda awo masana onse, nabwera kudzandionetsa kuti makala achepe, madzi akhale pang'ono, ndipo mthiko usaime mpaka shuga atauma nkugwira njere iliyonse. Anandichenjezanso kuti nyengo ya mvula mtedza wokazinga ukagona pamtunda umafewa. Choncho unkati ukangozizira, timauthira m'timapepala tapulasitiki nkumata kukamwa kwake pa lawi la kandulo monga amachitira iwo. Mayi, dzina lanu sindilemba pano, koma mukudzidziwa. Simunali pa mndandanda wa oitanidwa poyamba, ndipo zinandisangalatsa kukuonani mukuvina kutsogolo.

Tsopano za timatumba tija ambiri mwakhala mukundifunsa kuti tinagula kuti. Sitinagule. Achibale ambiri anasoketsa zovala za nsalu ya ukwati kwa telala mmodzi wa kumsika kwathu, ndipo ndi iyeyo anabwera ndi nzeru. Anati zidutswa zimene zimatsala akadula madiresi amangozisesa nkutaya, bwanji tisokere timatumba? Anazisonkhanitsa m'thumba la saka, ndipo akatseka shopu ankatsala yekha nkumapalasa makina ake a Singer opondera ndi mwendo, amene safuna magetsi. Zidutswa zina zinali zazing'ono moti ankalumikiza zitatu kuti patuluke kathumba kamodzi kokwana pachikhatho. Anasoka timatumba 280. Ndalama imene analandira ndi ya ulusi basi. Achimwene, ndinakuonani maso atafiira Lachisanu m'mawa pamene munabweretsa omaliza. Ndilibe choti ndingakubwezereni, koma aliyense wondifunsa telala ndizimulozera kwa inu.

M'kathumba kalikonse tinaikamo mtedza wamchere, wa shuga, ndi kakhadi. Makhadiwo tinadula ku makalendala akale, kuseri kwake koyera kuja, ndipo mwana wanga wa Sitandade 7 ndi anzake awiri analemba pamanja kuti "Zikomo pobwera" kokwana 280. Mukaona kuti ena zilembo zake zapendekeka, dziwani kuti amenewo analembedwa tulo titayamba kuwagwira.

Usiku wa Lachisanu ndi umene sindidzaiwala. Amayi a Chigwirizano a kumpingo kwathu anafika cha m'ma 5 koloko, aliyense ndi beseni lake, ena ndi mbaula pamutu. Mtanda wa mandasi unali utafufuma kale. Nthochi za zitumbuwa tinagula madzulo kumsika, zakupsa kwambiri zija makoko atada, zimene ogulitsa amatsitsa mtengo poopa kugona nazo, ndipo ndi zomwezo zimatsekemera osafuna shuga. Titangoyamba kukazinga magetsi anathima. Palibe anadandaula. Wina anayatsa tochi ya pafoni nkuiika m'kapu pawindo, wina anayambitsa nyimbo, ndipo ntchito inapitirira pa mbaula zinayi pakhonde, mvula ikuwaza. Amayi ena achikulire anaphika zikondamoyo m'mapoto, makala pansi makala pa chivundikiro, nkumabaya ndi kamtengo kuona ngati zapsa mkati. Mmodzi wa inu mafuta anamuthovukira padzanja, anangothira madzi ozizira nkumanga kansalu, ndipo anakana kupita kunyumba. Tinamaliza tambala woyamba atalira. Pa 8 koloko m'mawa amayi omwewo anali m'tchalitchi atavala bwino ngati anagona usiku wonse. Amayi anga, mutu umodzi susenza denga, ndipo denga limeneli munalisenza ndinu.

Alamu, mlongo wake wa mkwati, zikomo chifukwa cha keke. Munaiphika kwanu ku Kawale, mukudzuka pakati pa usiku nthawi imene magetsi ayaka, ndipo munainyamula pamiyendo m'galimoto kuti isagwedezeke. Inali ya nsanjika ziwiri zokha koma pogulitsa zidutswa zake anthu analimbirana. Zikomonso chifukwa simunandionetse ngakhale tsiku limodzi kuti akuchimuna akuona zathu ngati zochepa. Mantha aja anali anga ndekha.

Achimwene anga a ku Johannesburg, ndalama imene munatumiza pa Mukuru ndi imene inagula fulawa ndi mafuta onse. Ndikudziwa mmene mumaipezera, ndipo ndikudziwa kuti munalakalaka mukanabwera. Tinakuonani pa WhatsApp mukupukuta misozi mlongo wanu akulowa m'holo. Anzanga a banki mkhonde, zikomo pondilola kutenga gawo langa tsiku logawana lisanafike. Aneba a mtengo wa mango, zikomo potiuza kuti tithyole mmene tingathere. Juwisi amene ana ankamwa uja anali wa mumtengo mwanu. Anyamata a kwaya amene munatolera mabotolo, kuwatsuka ndi sopo kawirikawiri nkuthiramo thobwa, komanso amene munakhala patebulo losinthira ndalama nthawi ya perekaniperekani osasowetsa ngakhale K50, zikomo.

Pa phwando ndinaima chakumbuyo, mtima uli m'mwamba, kuyang'ana nkhope za alendo pamene mabotolo a thobwa ankazungulira. Bambo wina wachikulire wa kuchimuna anamwa kamodzi, nkuimika botolo, nkuitanitsa maikolofoni. Ndinazizidwa thupi lonse. Iwo anafunsa kuti waphika thobwa ili ndani, aimirire. Azakhali anaimirira mwamanyazi atagwira chitenje pakamwa. Bambo aja anati papita zaka zambiri asanamwe thobwa la mawere lenileni ngati la mayi awo, ndipo anayamba kuwafupa. Holo yonse inanyamuka. Azakhali, ndalama zimene zinagwa pamapazi panu zija munazitola nkukaziika m'mbale ya akwati. Ndinakuonani.

Ndipepese kwa inu amene munakhala matebulo akumbuyo kufupi ndi khomo. Mandasi anatha asanakufikeni, ndipo ena munangolandira chitumbuwa chimodzi. Kuwerengera kunali kwanga ndipo ndinaphonya. Munapirira osanena kanthu, ndipo ndikuthokoza.

Amayi, inu ndasungira kumapeto. Sabata ya ukwati munabwera ndi malaya a bambo, abuluu aja ankavala popita kutchalitchi, amene mwakhala mukusunga pansi pa sutikesi zaka zonsezi. Munapita nawo nokha kwa telala osandiuza. Pamene atsikana ankagawa timatumba m'malichero pakhomo la holo, inu munapita kutsogolo nkumupatsa mkwatibwi kathumba kake kosiyana ndi ena onse. Anakayang'ana, nkukatembenuza, ndipo ataona batani limene telala analisiya dala pakona anazindikira. Sanayankhule. Anangokagwira pachifuwa mpaka phwando kutha. Dzana ndinapita kukawaona kunyumba kwawo, ndipo ndinakapeza kali pamutu pa bedi, mtedza wake osatsegula.

Kwathu kuno kwatsala mabeseni atatu, chiwaya chachikulu chimodzi, mithiko iwiri ndi chivundikiro cha poto chopindika m'mbali, zimene sindikudziwa eni ake. Ndazitsuka ndipo zili pakhonde. Amene mukuzidziwa ndiuzeni, ndibweretsa ndekha Loweruka likubwerali, ndipo Malume atumizanso mtedza pang'ono woti ndidzakusiyireni.