Zikomo Inu Ofukula Mabomba ku Tete

Titabwerera kwathu ku Tete nkhondo itatha mu 1992, amayi ankatiletsa kupatuka m'kanjira ngakhale phazi limodzi. Mabomba okwirira ndi zipolopolo zosaphulika zinali mbwee, makamaka pomwe panali misasa ya asilikali.

Inu abale a mabungwe ochotsa mabomba a HALO Trust ndi APOPO, ndikukuwomberani m'manja. Ndinakuonani ndi maso angawa mutagwada, dzuwa likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu kuseri kwa chotchinga kumaso, mukupalasa dothi pang'onopang'ono ngati wofuna singano. Inu a APOPO mpaka bwampini munamuphunzitsa kununkhiza bomba!

Pa 17 September 2015 boma la Mozambique linalengeza kuti malo onse odziwika otcherapo mabomba ayeretsedwa. Lero mwana wanga amatola nkhuni paphiri lomwe ife tinkangolionera patali. Zikomo kwambiri, Ambuye akusungeni.